ZA KUTHAMBO: Mapulaneti Anali 9, Lero Ali 8, Linalo Linapita Kuti?

M'nyumba zambiri za kumidzi mumabuka kamkangano madzulo pamene mwana wa sukulu atsegula buku lace pafupi ndi nyali. Atate amene anaphunzira m'zaka za m'ma 1970 kapena 1980 akali kukumbukira bwino lomwe kuti aphunzitsi ao anawalowezetsa pamtima maina a mapulaneti 9 amene amazungulira dzuwa, ndipo lotsiriza pa mndandandawo linali Pluto. Koma mwana akawerenga m'buku la masiku ano amapezamo 8 cabe: Mercury, Venus, Dziko Lapansi, Mars, Jupiter, Saturn, Uranus ndi Neptune. Atate amati bukulo lalakwa, mwana amati aphunzitsi sanama, ndipo amai amene ali kupakula nsima amangofunsa kuti, "Nanga linalo linagwera kuti?"

Pluto sanagwe, sanapse, ndiponso sanasokere. Akali kuyenda m'njira yace monga kale. Cimene cinasintha ndi muyeso umene akatswiri a zakuthambo amagwiritsa nchito poweruza kuti ici ndi pulaneti, ico ai. Muyesowo unakhazikitsidwa pa 24 August 2006 mu mzinda wa Prague, m'dziko la Czech Republic, pa msonkhano waukulu wa kabungwe kochedwa International Astronomical Union, kamene kanayamba m'caka ca 1919 ndipo ndiko kali ndi udindo wopereka maina ku zinthu za kuthambo. Motero atate akunena zoona za nthawi yao, ndipo mwananso akunena zoona za nthawi yace. Koma pa mayeso a sukulu yankho lopatsa malikisi ndi 8.

OYENDAYENDA

Munthu aliyense amene anadzukapo m'bandakuca kupita ku dimba kapena kukamanga ng'ombe pa goli anaonapo Nthanda ili kuwala kum'mawa. Nthandayo kwenikweni si nyenyezi, koma pulaneti lochedwa Venus, ndipo ndi lomwelo limene miyezi ina limaoneka kumadzulo dzuwa litangolowa. Nyenyezi zenizeni ndi madzuwa a kutali, ali ndi moto waowao. Pulaneti lilibe moto. Limangobweza kuwala kwa dzuwa monga momwe lata latsopano limacitira masana. Ngakhale ndi maso cabe munthu angathe kusiyanitsa, pakuti nyenyezi zimathwanima pamene pulaneti limawala mosatekeseka.

Anthu akale a ku Greece anazindikira kuti nyenyezi zimasunga malo ao, iliyonse pafupi ndi inzace, caka ndi caka, koma kuti pali zowala zina zocepa zimene zimasuntha pakati pa zinzacezo. Zimenezi anazicha planetes, ndiye kuti oyendayenda, ndipo liu lakuti pulaneti linacokera pamenepo. Pa kuwerenga kwao oyendayendawo anali 7, ndipo m'gululo munali dzuwa ndi mwezi womwe. Dziko Lapansi silinalimo konse, cifukwa anthu anali kukhulupirira kuti lili ciimire pakati, zonse nkumalizungulira.

M'caka ca 1543 munatuluka buku la Nicolaus Copernicus wa ku Poland, limene linati dzuwa ndilo lili pakati. Pang'onopang'ono ganizo limeneli linalandiridwa, ndipo dzuwa ndi mwezi zinacotsedwa pa mndandanda, Dziko Lapansi nkulowapo. Mapulaneti anakhala 6. M'caka ca 1781 William Herschel, katswiri woimba nyimbo mu mzinda wa Bath ku England amene anali kudzipangira yekha makina oonera kutali ochedwa telesikopu, anatulukira Uranus, ndipo anakhala 7. Conco nambala ya mapulaneti inayamba kale kukwera ndi kutsika.

ZINAMCITIKIRAPO CERES

Usiku wa pa 1 January 1801 wansembe wina wa ku Italy, Giuseppe Piazzi, ali mu mzinda wa Palermo, anaona kanthu kowala kamene pambuyo pace kanapezeka kuti kamazungulira dzuwa pakati pa njira ya Mars ndi ya Jupiter. Anakacha Ceres, ndipo kanalandiridwa monga pulaneti latsopano. Koma m'caka ca 1802 m'dera lomwelo munapezeka kena, Pallas. Mu 1804 Juno. Mu 1807 Vesta. Kwa zaka zambiri mabuku anali kuwerenga mapulaneti 11. M'caka ca 1845 kanapezeka kacisanu, ndipo zitatero tinayamba kutuluka monga inswa mvula yoyamba itagwa. Pofika kumapeto kwa 1851 tinali titakwana 15.

Apa akatswiri anaona kuti Ceres si mwini wa njira imene akuyendamo, koma ndi mmodzi cabe m'khamu lalikulu la miyala ya kuthambo. Popanda msonkhano kapena voti, mabuku anayamba kulemba miyalayo pa tsamba laceilace, ndipo Ceres anatsika pa mpando mwakacetecete. Lero miyala yotereyi yodziwika yaposa 1,000,000. Neptune, amene anapezeka mu 1846, anakhalabe pa mndandanda cifukwa ndi cimphona cimene cilibe wofanana naco m'dera lace. Nkhani ya Ceres njofunika kuisunga m'mutu, pakuti ya Pluto inadzera m'mapazi omwewo.

MWANA WA MLIMI

Amene anatulukira Pluto anali mwana wa mlimi wa ku Kansas m'dziko la America, dzina lace Clyde Tombaugh. Mnyamatayu anali kufuna kupitiriza maphunziro ku koleji, koma mvula ya matalala inaononga mbeu m'munda mwa makolo ace ndipo ndalama zinasowa. Alimi onse amaudziwa ululu umenewu. Iye sanataye mtima. Anayamba kudzipangira matelesikopu pogwiritsa nchito zitsulo za makina akale a pa famu ndi za galimoto yakutha, najambula ndi dzanja zimene anali kuona pa Mars ndi Jupiter. Zithunzizo anazitumiza ku nyumba yoonerako zakuthambo ya Lowell Observatory ku Flagstaff, m'cigawo ca Arizona, ndipo mu 1929 anamulemba nchito.

Nchitoyo inali yotopetsa maso. Mwini nyumbayo, Percival Lowell, amene anamwalira mu 1916, anali kukhulupirira kuti kuseri kwa Neptune kuli pulaneti lina lalikulu. Tombaugh anali kujambula mbali imodzi ya thambo usiku wina, nkujambulanso mbali yomweyo patapita masiku angapo, kenaka nkuyerekeza zithunzi ziwirizo kadontho ndi kadontho. Nyenyezi zimakhala pamalo pomwepo pa zithunzi zonse. Cimene casuntha ndico woyendayenda. Pa 18 February 1930, ali ndi zaka 24, anaona kadontho kamodzi katadumpha pakati pa zithunzi za pa 23 ndi pa 29 January. Dzina lakuti Pluto, la mulungu wa dziko la akufa m'nthano za Agiriki ndi Aroma, analipereka ndi mtsikana wa zaka 11 wa ku Oxford, Venetia Burney.

Poyamba anthu anaganiza kuti Pluto amalemera monga Dziko Lapansi, motero panalibe wofunsa ngati ayenera mpando. Koma pamene makina anali kunka nawongokera, Pluto anali kunka nacepa. Mu 1978 James Christy anatulukira mwezi wa Pluto wochedwa Charon, ndipo poona liwiro limene mweziwo umazungulirira, akatswiri anakhoza kumuyesa Pluto kulemera kwace. Zinapezeka kuti pafunika a Pluto oposa 400 kuti alingane pa sikelo ndi Dziko Lapansi. Kucokera mbali ina kudutsa pakati kukafika mbali inayo ndi makilomita 2,377, kuposa pang'ono maulendo 4 a pakati pa Lusaka ndi Chipata. Mwezi umene umawala m'midzi usiku uli ndi makilomita 3,474. Motero Pluto ngwocepa ngakhale kwa mwezi.

Mayendedwe acenso anali acilendo. Mapulaneti 8 amayenda pafupifupi pa bwalo limodzi losalala, koma njira ya Pluto njopendekeka ndiponso njotalika mbali imodzi ngati dzira. Amatenga zaka 248 kuti azungulire dzuwa kamodzi, ndipo kucokera mu 1979 kufikira mu 1999 anali pafupi ndi dzuwa koposa Neptune. Ndiye kuti atate ambiri amene analemba pa mayeso kuti Pluto ndiye ali kutali kopambana onse analemba zimenezi m'zaka zimene sizinali conco.

Cimene cinagwedeza mpando weniweni cinabwera mu 1992, pamene David Jewitt ndi Jane Luu, ali pa phiri lina ku Hawaii, anapeza kanthu kena kozungulira dzuwa kuseri kwa Neptune. Pambuyo pace tinapezeka tina mazanamazana, ndipo lero todziwika tili zikwi zingapo. Dera limeneli limachedwa lamba wa Kuiper, ndipo Pluto anapezeka kuti ali m'kati mwace, monga momwe Ceres anapezekera m'kati mwa miyala. Kenaka mu January 2005 Mike Brown, Chad Trujillo ndi David Rabinowitz, poyang'ana zithunzi zimene zinajambulidwa ku Palomar m'cigawo ca California mu 2003, anapeza cinthu cimene msinkhu wace ngwofanana ndi wa Pluto, ndipo pambuyo pace cinapezeka kuti cimamuposa kulemera. Funso silinathenso kuzembedwa. Ngati Pluto ndi pulaneti, ndiye kuti mlendoyunso ndi pulaneti la nambala 10, ndipo ena otere akapezeka adzafunanso mipando. Mlendoyo anadzapatsidwa dzina lakuti Eris, la mulungu wamkazi wa mikangano, ndipo dzinalo linamuyenera.

MLANDU WA KU PRAGUE

Nzodabwitsa koma nzoona kuti kufikira caka ca 2006 panalibe lamulo lolembedwa lonena kuti pulaneti nciyani. Kabungwe kaja kanasankha komiti ya anthu 7, motsogozedwa ndi Owen Gingerich wa ku Harvard, kuti ikonze mau. Pa 16 August komitiyo inabweretsa ganizo lakuti ciliconse cozungulira dzuwa cimene cili cobulungira cifukwa ca kulemera kwace cichedwe pulaneti. Pa muyeso umenewo mapulaneti akadakhala 12, kuphatikizapo Ceres, Charon ndi Eris, ndipo khomo likadakhala lotsegula kwa ena ambirimbiri.

Msonkhano unawira. Akatswiri awiri a ku Uruguay, Julio Fernández ndi Gonzalo Tancredi, anatsogolera gulu limene linati kubulungira kokha sikukwana. Pafunika kuonanso mphamvu imene cinthuco cili nayo pa anansi ace. Patapita masiku otsutsana, pa tsiku lotsiriza anthu anaponya voti pokweza timapepala m'mwamba, ndipo anagwirizana kuti cinthu ciyenera kukwanitsa mfundo zitatu kuti cichedwe pulaneti.

Mfundo yoyamba njapafupi: ciyenera kuzungulira dzuwa lenilenilo, osati pulaneti lina. Pa cifukwa cimeneci mwezi si pulaneti. Ganymede, mwezi wa Jupiter, ndi Titan, mwezi wa Saturn, ndi aakulu msinkhu kuposa Mercury, koma popeza amazungulira mapulaneti amakhalabe miyezi.

Mfundo yaciwiri ndi yakuti cikhale colemera kokwanira kuti mphamvu yace yokoka icipange kukhala cobulungira. Mphamvu yokoka ndiyo imene imabweza mwala pansi munthu akauponya m'mwamba. Cinthu ciliconse cili nayo, koma imakula malinga ndi kulemera kwa cinthuco. Mwala waung'ono wa kuthambo uli ndi mphamvu yocepa kwambiri, motero umasunga maonekedwe alionse amene unasweka nao. Ina ili ngati mbatata, ina ngati cinangwa, ina ngati nsawa ziwiri m'khoko limodzi. Koma cinthu cikakula ndithu, kulemera kwace kumapsinja thanthwe la m'kati mwace kufikira litayamba kugonja monga dongo m'manja mwa woumba mbiya. Mbali zonse zimakokedwa kulinga pakati, zotumphuka zimatitimira, zokumbika zimadzaza, ndipo mapeto ace ndi mpira. Vesta, amene ali ndi makilomita pafupifupi 525, sanafike pamenepa. Ceres, wa makilomita pafupifupi 940, anafika. Zinthu zopangidwa ndi madzi oundana zimagonja msanga kuposa za thanthwe. Mimas, mwezi wa Saturn, ngwobulungira ngakhale ali ndi makilomita pafupifupi 400 cabe. Lamulolo silinena za mpira wangwiro, pakuti cinthu cozungulira pa msana wace cimatupa m'mimba. Dziko Lapansi lomwe ndi lalikulu m'mimba ndi makilomita pafupifupi 43 kuposa kucokera kumpoto kufika kumwera. Pa mfundo iyi ndi yoyamba ija Pluto anapambana popanda wotsutsa.

Anagwa pa mfundo yacitatu, yakuti pulaneti liyenera kukhala litalambula dera la njira yace. Mau amenewa asokoneza anthu ambiri, cifukwa amamveka ngati bwalo losesedwa losatsala ndi kacitsotso komwe. Tanthauzo lace si limenelo. Pamene dzuwa ndi mapulaneti zinali kupangika, zaka pafupifupi 4,600 miliyoni zapitazo, thambo lozungulira dzuwa linali lodzaza ndi miyala ndi fumbi. Cinthu cimene cinakula kuposa zinzace cinayamba kuzilamulira ndi mphamvu yace yokoka: zina cinazimeza, zina cinazikankhira kutali, ndipo zina cinazigwira kuti zikhale miyezi yace kapena ziziyenda motsata kayendedwe kace. Akulu amati atambala awiri salira m'khola limodzi. M'kholamo nkhuku zina zimakhalamo ndithu, koma wolira ndi mmodzi, ndipo onse amadziwa kuti mwini khola ndani.

Zimenezi zingathe kuyesedwa ndi manambala. Katswiri wina wa ku America, Steven Soter, mu 2006 anayerekeza kulemera kwa cinthu ciliconse ndi kulemera kwa zonse zimene zimayenda m'dera lace zitaikidwa pamodzi. Dziko Lapansi limaposa zinyalala za m'njira yace nthawi pafupifupi 1,700,000. Mapulaneti ena 7 amaposanso zao nthawi zikwizikwi. Koma Ceres ali ndi gawo limodzi cabe mwa magawo 3, ndipo Pluto safika ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo 10 a zimene akuyenda nazo. Pakati pa magulu awiriwa pali cigwa cacikulu copanda kanthu. Kuonjezera apo, Pluto mwiniyo amavina ng'oma ya Neptune: nthawi zonse pamene Neptune azungulira dzuwa katatu, Pluto amazungulira kawiri, ndipo ndi mphamvu ya Neptune imene imasunga kayendedwe kameneka. Ncifukwa cace awiriwa sagundana ngakhale kuti njira zao zimaoneka ngati zikudutsana.

Zinthu zimene zakwanitsa mfundo ziwiri zoyamba koma zalephera yacitatu zinapatsidwa gulu laolao, limene pa Cingerezi amati dwarf planet, ndiye kuti kapulaneti. Pluto, Eris ndi Ceres analowa m'gululi mu 2006, ndipo Makemake ndi Haumea anaonjezedwa mu 2008. Mwa onsewa wokondwa ndi Ceres, amene anakwezedwa pang'ono atakhala zaka zoposa 150 m'gulu la miyala wamba.

AMENE SANAKHUTIRE

Ciweruzo cimeneci sicinathetse mlandu m'mitima ya onse. Ku msonkhanowo kunafika anthu oposa 2,000, koma pa tsiku la voti ambiri anali atapita kwao, ndipo amene anavota anali oposa 400 pang'ono. Alan Stern, mmodzi wa otsutsa amphamvu, wakhala akudandaula kuti anthu ocepa conco sayenera kuweruzira akatswiri onse a pa dziko, ndiponso kuti coona ca sayansi sicipezeka pokweza manja. Ku New Mexico, kumene Tombaugh anaphunzitsa zaka zambiri, aphungu a nyumba ya malamulo ya cigawoco anagwirizana mu 2007 kuti kwa iwo Pluto ndi pulaneti ndithu pamene ali kudutsa pamwamba pa dziko lao.

Zotsutsa zina nzolemera kuposa kukonda munthu wa kwanu. Otsutsawo amati palibe pulaneti limene njira yace njoyera: pafupi ndi Dziko Lapansi pamadutsa miyala zikwizikwi, ndipo Jupiter ali ndi miyala yambiri imene imayenda m'njira yace, ina patsogolo ina pambuyo. Apa yankho lilipo kale, pakuti miyala ya Jupiter imakhala pamalo pamene mphamvu ya Jupiter yaiika. Koma nzoona kuti mau a lamulolo analembedwa mothamanga ndipo sanena kuti kulambula kumayambira pati. Amatinso dzina lakuti kapulaneti ndi losokoneza, cifukwa kabungweko kanakana pa voti kuti kapulaneti ndi mtundu wa pulaneti. Kumudzi kambuzi ndi mbuzi ndithu, ngakhale kacepe bwanji.

Cotsutsa cacikulu ndi ici. Kutali ndi dzuwa njira zimakhala zazitali ndipo zinthu zimayenda pang'onopang'ono, motero kulambula nkobvuta kwambiri. Dziko Lapansi lomweli litanyamulidwa ndi kuikidwa kutali ndithu kuseri kwa Pluto, lingalephere mfundo yacitatu, ngakhale lili ndi mapiri ndi nyanja zomwezi. Kodi cinthu cingasinthe mtundu cifukwa ca malo amene cili? Apa ndi pamene pagona mkangano wonse, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi nzeru. Ng'ombe ndi ng'ombe kulikonse kumene ingapite, pakuti imadziwika ndi thupi lace. Umu ndi momwe amaganizira akatswiri ophunzira miyala, mapiri ndi mpweya wa pa maiko a kuthambo. Koma mfumu imadziwika ndi dziko limene ikulamulira, ndipo ikapita ku dziko la eni imakhala mlendo ngakhale thupi lace silinasinthe. Umu ndi momwe amaganizira ophunzira kayendedwe ka zinthu za kuthambo. Ku Prague anasankha kuti liu lakuti pulaneti likhale ngati la ufumu. Poona cigwa cija ca pakati pa manambala, kusankhako kuli ndi maziko olimba, ngakhale kuti mau ace afunika kuwongoledwa.

Cimene sicingakanidwe ncakuti kutsitsidwa pa mpando sikunamcepetse Pluto ulemerero. Combo copanda munthu cochedwa New Horizons, cimene mtsogoleri wace ndi Alan Stern yemweyo, cinanyamuka pa 19 January 2006, Pluto akali pulaneti, ndipo cinatenga phulusa pang'ono la thupi la Tombaugh, amene anamwalira mu 1997. Cinayenda zaka 9 ndi theka, ndipo pa 14 July 2015 cinadutsa pafupi ndi Pluto. Zithunzi zimene cinatumiza zinaonetsa mapiri a madzi oundana otalika mamita oposa 3,000, cidikha cacikulu ca mpweya wa nitrogen woundana umene umayenderera pang'onopang'ono, ndiponso mpweya wopyapyala wa mtundu wobiriwira ngati thambo. Pluto ali ndi miyezi 5. Dera lowala looneka ngati mtima limene lili pa nkhope yace linapatsidwa dzina la Tombaugh.

NANGA MADALITSO?

Pali mpata wina m'lamulo la 2006 umene ukhudza dziko la Zambia. Mfundo yoyamba imachula dzuwa lino lokha, koma mu 1995 Michel Mayor ndi Didier Queloz a ku Switzerland anatulukira pulaneti lozungulira nyenyezi ina yofanana ndi dzuwa, ndipo pofika mu 2022 mapulaneti otere otsimikizidwa anali ataposa 5,000. Kwa amenewa kabungweko kali ndi muyeso wina wa pambali, woyang'ana kwambiri kulemera: cinthu cikaposa Jupiter nthawi pafupifupi 13, m'kati mwace mumayamba kuyaka moto wa mtundu wina wofanana pang'ono ndi wa nyenyezi, ndipo siciwerengedwanso monga pulaneti.

M'caka ca 2019, pokondwerera kuti kakwanitsa zaka 100, kabungweko kanapatsa maiko oposa 100 mwai wakuti lililonse liche dzina nyenyezi imodzi pamodzi ndi pulaneti lace. Zambia inalandira nyenyezi imene inali kudziwika ndi nambala yakuti HD 85390, ya ku thambo la kumwera, m'gulu la nyenyezi lochedwa Vela. Nyenyeziyo inachedwa Natasha, mau othokoza m'zilankhulo zina za m'Zambia, ndipo pulaneti lace linapatsidwa dzina la Cinyanja lakuti Madalitso. Natasha saoneka ndi maso cabe, ndipo kuwala kwace kumatenga zaka zoposa 100 kuti kufike pa Dziko Lapansi.

Madalitso amatenga zaka ziwiri ndi miyezi ingapo kuti azungulire nyenyezi yace. Palibe munthu amene anamuonapo, ngakhale ndi telesikopu yaikulu. Akatswiri ogwiritsa nchito makina a ku La Silla m'dziko la Chile anamzindikira poona kuti nyenyeziyo imagwedezeka pang'ono, uku ndi uku, monga mai amagwedezekera mwana akamamkoka citenje. Ngati ali wobulungira, kapena ngati analambula njira yace, palibe makina amene anakhoza kuziona mwacindunji. Akatswiri amazidziwa powerengera kulemera kwace cabe. Mu 2024 Jean-Luc Margot ndi anzace awiri anapereka ganizo lakuti lamulolo lilembedwenso ndi manambala a kulemera, kuti muyeso umodzi ugwire nchito kwa Mars ndi kwa Madalitso yemwe. Pa muyeso wao mapulaneti a dzuwa lino akhalabe 8, ndipo Pluto akhalabe kunja.